Nyika ndi Vwaza: kwawo kwa mbalame m'boma la Rumphi

Mwa mitundu pafupifupi 650 ya mbalame imene imapezeka m'Malawi muno, yoposa 400 idaonedwapo pa phiri la Nyika. Kumunsi kwa phirili, chakumwera cha kumadzulo, kuli dambo la Vwaza komwe kumapezeka mitundu pafupifupi 300. Nkhalango ya Nyika imakhudzanso maboma a Chitipa ndi Karonga, ndipo ya Vwaza imafika mpaka ku Mzimba, koma zipata zimene alendo ambiri amalowera zili m'boma la Rumphi.

Chimene chimachulukitsa mbalame m'bomali ndi kusiyana kwa kukwera kwa malo. Kugombe la nyanja ku Chiweta, nthaka siikwana mamita 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Ku Vwaza ndi mamita pafupifupi 1,100, pomwe pamwamba pa Nyika ndi mamita oposa 2,000, ndipo nsonga yake yaitali, Nganda, imafika mamita pafupifupi 2,600. Msinkhu uliwonse uli ndi nyengo yake, zomera zake ndi mbalame zake.

Pamwamba pa Nyika

Nyika ndiyo paki yakale koposa komanso yaikulu koposa m'dziko muno. Idakhazikitsidwa mu 1965, idakulitsidwa mu 1978, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 3,000. Mlendo wolowera pa chipata cha Thazima amayamba wadutsa m'mitengo ya mombo ndi masuku. Akakwera ndithu mitengo imatha, ndipo amatulukira pa zitunda zaudzu waufupi zotambalala mpaka pomwe maso amalekezera. Apa ndi pomwe pamadya mbidzi, ntchefu, chilembwe ndi mphoyo.

Mbalame yomwe idatchukitsa udzu umenewu ndi namzeze wobiriwira mwakuda ngati chitsulo, amene pa Chingerezi amamutcha blue swallow. Wamphongo amakhala ndi nthenga ziwiri zazitali kumchira. Namzezeyu amafika cha mu Seputembala kapena Okutobala kuchokera kumadera ozungulira nyanja ya Victoria, amaswa m'nyengo ya dzinja, n'kubwerera cha mu Epulo. Chisa chake amachimata ndi dothi ndi udzu m'maenje okumbidwa ndi nyama kapena m'zigwembe za timitsinje, ndipo amadya tizilombo touluka pamwamba pa udzu. Bungwe la IUCN lidamuika m'gulu la zolengedwa zimene zili pachiopsezo cha kutha. Ku South Africa adachepa kwambiri chifukwa udzu wa m'mapiri udalowedwa m'malo ndi minda ya paini ndi bulugamu. Nyika ndi amodzi mwa malo ochepa padziko lonse pomwe amaswabe ambiri.

M'udzu momwemo mumayenda Denham's bustard, chimbalame cholemera chimene chimakonda kuyenda pansi. Chachimuna chimafufumitsa nthenga zoyera zapakhosi pofuna kukopa chachikazi. Mulinso nkhwali ya mapiko ofiira, ndi timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa monga malachite sunbird, kobiriwira konyezimira. M'madambo onyowa ndi momwe mumaswera wattled crane, mbalame yaitali pafupifupi ngati munthu, yokhala ndi minofu iwiri yolendewera pachibwano. Imalera mwana mmodzi yekha pa nthawi, motero chisa chimodzi chikapsa ndi moto chaka chonse chatayika. Pa Nyika mbalameyi yachepa kwambiri ndipo kuiona masiku ano ndi mwayi.

M'zigwa za pakati pa zitunda muli timagulu ta mitengo yosayoyola masamba, monga Zovochipolo, ndi Chowo yomwe ili mbali ya Zambia. M'menemo mbalame zimamveka kaye zisanaoneke: bar-tailed trogon wa pamimba pofiira, ndi Sharpe's akalat kamene kamabisala m'ziyangoyango. Wofuna kuziona amafunika kukhala chete ndi kudekha mtima.

Ku dambo la Vwaza

Vwaza, yomwe kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 1,000, ndi malo otentha, a mitengo ya tsanya ndi mombo, ndi madambo a mtsinje wa Luwewe. Alendo ambiri amafikira ku nyanja ya Kazuni, yomwe imadzazidwa ndi madzi a mtsinje wa South Rukuru. M'chilimwe, madzi akaphwa m'madera ena, njovu ndi njati zimabwera kudzamwa pano, mvuu zili m'madzi.

Mbalame za kuno ndi zija zodziwika kwa aliyense wokulira kufupi ndi madzi: nkhwazi, akakowa, atsekwe, abakha akutchire ndi nantchengwa. Koma m'mitengo ya mombo muli ina yosowa, white-winged babbling starling, imene imapezeka m'madera ochepa a Angola, Zambia, Tanzania ndi Malawi, ndipo akatswiri ena amabwera ku Vwaza chifukwa cha iyo yokha.

Ku Vwaza kuli kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera. Imakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, choncho ndi bwino kuvala zotuwa, zamanja aatali. Munthu akamva kutentha thupi atabwerako apite kuchipatala msanga ndipo anene kumene adali. Chipatala cha boma cha Rumphi chakhala chikuthandiza odwala matendawa kwa zaka zambiri.

Eni nthaka

Malo amenewa sadali opanda anthu. Pa thanthwe la Fingira pali zojambula ndi zotsalira za anthu amakedzana, ndipo kanyanja ka Kaulime kadali malo opatulika kwa anthu a m'derali. Aphoka ankalima m'mapiri a Nyika ndi kusungunula chitsulo m'ng'anjo. Pamene pakiyi inkakulitsidwa mu 1978, anthu zikwizikwi adasamutsidwa, kusiya minda ndi manda a makolo awo; ku Vwaza nakonso mabanja adachotsedwa. Mbiri imeneyi idakalipo m'mitima ya anthu a m'midzi yozungulira, ndipo kuonongedwa kwa mbewu ndi njovu zotuluka m'nkhalango kumaitsitsimutsa.

Pofuna kuti anthu apindule ndi malowa, kudakhazikitsidwa bungwe la Nyika-Vwaza Association, lomwe limaimira midzi yozungulira ndi kulandira gawo la ndalama zimene malowa amapeza. Magulu a alimi a njuchi amaloledwa kupachika ming'oma m'madera ena a nkhalango. Mu 2015 Malawi ndi Zambia adasainirana pangano losamalira limodzi nkhalango za m'malire, ndipo mu 2023 boma lidagwirizana ndi Peace Parks Foundation kuti ayendetsere limodzi Nyika ndi Vwaza kwa zaka 20.

Mlendo amene angangothamangira kuchipata amaphonya theka la ulendo. Njira imadutsa m'chigwa cha Nkhamanga, dera la fodya ndi chimanga, ndi pa Bolero, likulu la Inkosi ya Atumbuka, Themba la Mathemba Chikulamayembe, pomwe chaka ndi chaka pamachitika mwambo wa Gonapamuhanya. Kum'mawa kwa phiri, m'mapiri a Phoka, alimi amalima khofi, ndipo chapafupi pali mishoni ya Livingstonia, yomwe idakhazikitsidwa pa Khondowe mu 1894, ndi mathithi a Manchewe. Mbalame pa Chitumbuka ndi viyuni, ndipo akuluakulu a m'midzi amadziwa maina, kulira ndi nyengo za zambiri mwa izo.

Zomwe zikuopseza

Moto wolusa wa m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala umatentha zisa ndi kudya m'mphepete mwa timagulu ta mitengo. N'chifukwa chake oyang'anira pakiyi amatenthera dala zigawo zina udzu usanaumitsitse. Mitengo ya paini yomwe idabzalidwa pa Chelinda m'zaka za m'ma 1950 imadzimerera yokha m'udzu, ndipo zomera zina zolowerera zikulanda malo. Nyika ili ndi mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, koma ena amakumbidwa mobisa chifukwa mizu yake ndiyo amapangira chinaka, chomwe ku Zambia amati chikanda.

Udzu ndi madambo a pamwambapa amamwa mvula ndi kuitulutsa pang'onopang'ono m'mitsinje monga North Rukuru, North Rumphi, Runyina ndi Wovwe, womwe umapukusa makina a magetsi ku Karonga. Malo amene namzeze uja amaswera ndi omwewonso amasunga madzi a minda ndi midzi ya kumunsi.

Kayendedwe ndi nyengo

Kuchokera ku Mzuzu, msewu wa M1 umalowera kumpoto, ndipo wopita ku Rumphi umapatuka n'kudutsa pa mpata wa Njakwa. Kuchoka pa boma kukafika ku Kazuni ndi makilomita pafupifupi 30. Ku Thazima ndi pafupifupi 55, ndipo kuchoka apo kukafika ku Chelinda, komwe kuli malo ogona, ndi enanso pafupifupi 60. M'dzinja pamafunika galimoto yamphamvu, ndipo mafuta ndi chakudya ndi zogulira pa Rumphi. Amalawi amalipira ndalama zochepa pachipata poyerekeza ndi alendo akunja.

Nyengo yabwino ya mbalame pa Nyika ndi kuyambira Okutobala mpaka Epulo, pomwe zochokera kutali zafika ndipo maluwa achita bwino. Mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka madzi kuundana usiku. Ku Vwaza nyama ndi mbalame zimasonkhana pamadzi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itayamba. Zida zofunika ndi zochepa: magalasi oonera patali, kabuku kolembamo, chovala champhepo, ndi mlonda wa pakiyi wotsogolera njira poyenda pansi. Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa likamatuluka, pomwe mbalame zimalira kwambiri ndipo mphepo ya pa Nyika isanayambe kuomba.