Njira ya Mphezi Pamwamba pa Phiri

Pamene Benjamin Franklin analengeza mu 1753 kuti ndodo yachitsulo yoimikidwa padenga, nilumikizidwa pansi, ikhoza kupatutsa mphezi, anthu anayesa kuti nthaka iliyonse idzameza moto wakumwambawo monga mchenga umeza madzi. Koma m'kupita kwa zaka kunaoneka kuti magetsi ayenda ndi chinyezi ndi mchere zokhala m'dothi, kotero kuti makande a kudambo awalandira ndi manja awiri, pamene thanthwe louma liwakana kwamtuwagalu.

Nzeru yoyezera kukana kumeneku inadza mochedwa. Conrad Schlumberger anayamba kulowetsa magetsi m'nthaka ku Val-Richer, m'dziko la France, mu 1912, iye pofuna miyala ya zitsulo. Ndipo mu 1915 Frank Wenner wa ku Bureau of Standards ku Washington analongosola njira imene amisiri akali kuitsata: zikhomo zinayi zachitsulo zikhomedwa pamzere motalikirana mofanana, ziwiri zakumapeto zilowetsa magetsi, ziwiri zapakati zimva mphamvu yake, ndipo munthu akamazitalikitsa, muyesowo utsikirabe pansi, osakumba ngakhale kadzenje. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Herbert Ufer, pochinjiriza nkhokwe za mabomba m'chipululu cha Arizona, anapeza kuti chitsulo chokwiriridwa m'konkire chigwirana ndi nthaka kuposa ndodo yokhomedwa pouma, pakuti konkire isunga chinyezi.

Komatu mayeso aakulu anali kudikira kumapiri. Akatswiri a nyenyezi, pothawa nthunzi imene iphimba maso a makina awo, anakwera kufikira ku Chajnantor, m'chipululu cha Atacama ku Chile, mamita 5,000 pamwamba pa nyanja, kumene makina oonera kuthambo otchedwa ALMA, a mbale zazikulu 66, anatsegulidwa mu 2013. Walira mvula walira matope: kuuma kumene kuwayeretsera thambo ndiko kumana mphezi polowera. Pamalo otere ndodo imodzi ingokhala chokometsera, ndipo chofunika ndi ukonde wa mawaya a mkuwa woyalidwa pansi, womangidwa ku zitsulo za m'maziko.

Mmisiri woyeza kumeneko, botolo la mpweya lili kumsana, akhoma chikhomo m'timiyala tosagwirana, nathirapo madzi amchere kuti magetsi alowe. Ndipo adzabweranso m'nyengo yozizira, pakuti nthaka ikagwa chisanu, nambala zimene analemba kale sizimthandizanso.