Mbiri ya Functional Programming ndi Mafunso Amene Anaiumba

Functional programming ndi njira yolembera mapulogalamu a kompyuta imene imaona pulogalamu yonse ngati samu. Maziko ake ndi function, lomwe ndi lamulo lolandira chinthu n'kubweza yankho, ndipo likalandiranso chinthu chomwecho mawa kapena mkuja, yankho limakhala lomwelo. M'zilankhulo zambiri za kompyuta, wolemba pulogalamu amapatsa makina malangizo otsatizana: ika 5 pamalo akuti, wonjezerapo 1, fufuta zimene zinalipo, bwerera pamwamba. M'njira ya functional mulibe kufufuta. Dzina likapatsidwa nambala, limakhala nayo mpaka ntchito ithe. Lamuloli n'losavuta kulitchula, koma linabala mafunso amene anazunguza mitu ya akatswiri kwa zaka pafupifupi 40, ndipo mbiri ya lusoli kwenikweni ndi mbiri ya mmene mafunsowo anayankhidwira limodzilimodzi.

Gwero lake ndi lakale kuposa kompyuta zamagetsi. M'zaka za 1932 ndi 1933, Alonzo Church, katswiri wa masamu pa yunivesite ya Princeton ku America, anafalitsa dongosolo lolembera ma function lomwe linadzatchedwa lambda calculus. M'dongosololi muli zinthu zitatu basi: dzina, kupanga function, ndi kupereka chinthu kwa function. Manambala enieniwo amamangidwa ndi ma function. Mu 1936 Church anagwiritsa ntchito dongosololi posonyeza kuti pali mafunso ena a masamu amene palibe njira iliyonse yowerengera ingawayankhe. Chaka chomwecho Alan Turing wa ku England anafika pa mfundo yomweyo podzera njira ina, ya makina ongoganizira amene amalemba ndi kufufuta zizindikiro pa tepi, ndipo posakhalitsa zinatsimikizika kuti njira ziwirizi n'zofanana mphamvu. Makompyuta atayamba kupangidwa, kapangidwe kake kanayandikira kwambiri ganizo la Turing, lolemba ndi kufufuta. Mbewu ya Church inayamba yagona m'nthaka.

Inamera mu 1958 ku MIT, pamene John McCarthy anayamba kukonza chilankhulo cha Lisp kuti chimuthandize pa kafukufuku wa makina oganiza. McCarthy anabwereka mawu akuti lambda kwa Church, ndipo wophunzira wake Steve Russell anazindikira kuti function yotchedwa eval, imene McCarthy anailemba papepala pongofotokozera, ingathe kulembedwa m'malangizo a makina a IBM 704. Atatero, Lisp inakhala chilankhulo chogwira ntchito. Zipsera za makinawo zikuonekabe mpaka lero: ma function awiri otola mutu wa mndandanda ndi mchira wake amatchedwa car ndi cdr, mayina ochokera ku zigawo ziwiri za mawu a 36 bit a makina a IBM 704.

Funso loyamba linali la kubwereza. Ngati nambala singasinthidwe, munthu angaphatikize bwanji mndandanda wa manambala, poti mwachizolowezi amasunga chiwerengero pamalo amodzi n'kumachiwonjezera? Yankho ndi recursion, kutanthauza function yodziitana yokha. Pofuna kuphatikiza 3, 5 ndi 8, lamulo limalembedwa pawiri. Mndandanda ukakhala wopanda kanthu, yankho ndi 0. Ukakhala ndi kanthu, nambala yoyamba iphatikizidwe ndi yankho la zotsalazo. Choncho 3 amadikira yankho la 5 ndi 8, nayenso 5 amadikira la 8, ndipo 8 amadikira la mndandanda wopanda kanthu. Likapezeka 0, mayankho amabwerera chammbuyo: 8, kenako 13, kenako 16. Fortran, imene inatuluka mu 1957, sinkalola n'komwe function kudziitana, ndiye ichi chinali chachilendo ndithu.

Vuto lake lagona pa kudikirako. Nambala iliyonse yodikira imatenga malo m'memory, ngati mbale zosanjikizana, ndipo manambala akakhala miliyoni mulu wa mbalewo umagwa, pulogalamu n'kufa. Kwa zaka zambiri anthu ankati recursion ndi yokongola koma yodula. Mu 1975 Gerald Sussman ndi Guy Steele anapanga Scheme, mwana wa Lisp, ndipo mu 1977 Steele analemba pepala lotsutsa chikhulupiriro chakuti kuitana function n'kodula. Mfundo yake inali yakuti function ikamadziitana monga chinthu chomalizira penipeni, palibenso choti idikire, ndiye makina angogwiritsanso ntchito malo omwewo. Wolemba amangosintha kalembedwe kuti function izinyamula chiwerengero poyenda: iyambe ndi 0, ipitirire ndi 3, kenako 8, n'kumalizira pa 16, popanda mbale ngakhale imodzi yotsalira. Zimenezi zimatchedwa tail call, ndipo malamulo a Scheme amakakamiza aliyense wopanga chilankhulocho kuti azisamalire motere.

Funso lachiwiri linabwera limodzi ndi loyambalo. Pulogalamu yosafufuta imangopanga zinthu zatsopano, ndiye zakale zimapita kuti? IBM 704 ikakula kwambiri inkasunga mawu 32,768 okha, choncho funsoli silinali la m'kalasi chabe. M'pepala lake la 1960, McCarthy anafotokoza njira imene lero imatchedwa garbage collection, kutola zinyalala. Malo akatha, pulogalamu imaima kaye, makina amatsata chinthu chilichonse chimene pulogalamuyo ingathe kuchifikabe n'kuchiika chizindikiro, ndipo zopanda chizindikiro zonse amazisesa kuti malo ake agwirenso ntchito. Mwa mphatso zonse zimene Lisp inapereka, iyi ndiye inafika patali kwambiri, chifukwa Java, Python, JavaScript ndi Go zonse zimaidalira.

Ku Britain nkhaniyi inatenga njira ya masamu kwambiri. Peter Landin anasonyeza mu 1964 mmene makina angawerengere mawu a lambda calculus, ndipo mu 1966 anafotokoza ISWIM, chilankhulo chimene chinakhala kholo la kalembedwe ka zilankhulo zambiri zobwera pambuyo. Ku Edinburgh, kuyambira cha m'ma 1973, Robin Milner ndi anzake ankamanga LCF, chida chothandiza kutsimikizira mfundo za masamu, ndipo anafuna chilankhulo chimene sichingalole munthu kupanga umboni wabodza ngakhale mwangozi. Anapanga ML. Apa ndi pamene funso lachitatu linayankhidwa: kodi cholakwa chingagwidwe bwanji pulogalamu isanayambe kuthamanga, popanda kumutopetsa wolemba ndi kulengeza mtundu wa chinthu chilichonse? Milner anafalitsa yankho mu 1978, ndipo linagwirizana ndi zimene Roger Hindley anali atapeza mu 1969. Compiler, pulogalamu yomasulira zolembedwa kuti makina amve, imadziwa yokha mitundu poona mmene zinthu zagwiritsidwira ntchito. Ikaona function yowerenga kutalika kwa mndandanda, imazindikira kuti ingagwire pa mndandanda wa manambala, wa mayina kapena wa china chilichonse. Ikaona wina akuphatikiza dzina la munthu ndi 7, imakana pomwepo. Mapulogalamu ena olondola amakanidwa nawo m'njira imeneyi, ndipo mkangano wa pakati pa okonda ufulu wa Lisp ndi okonda chitetezo cha ML sunathe mpaka pano.

Mu 1977 lusoli linapeza mboni yosayembekezereka. John Backus, mtsogoleri wa gulu limene linapanga Fortran ku IBM, polandira mphoto ya Turing anadzudzula mtundu wa zilankhulo umene iye mwini anathandiza kubala. Anati zilankhulozo zimakakamiza munthu kuganiza ngati makina, kumanyamula mawu amodziamodzi kudzera pakhwalala lopapatiza la pakati pa memory ndi pochitira masamu, m'malo moganizira ntchito yonse pamodzi. Chilankhulo chimene anapereka, FP, sichinafalikire, koma mawu a munthu wa ulemu wotero anakopa ofufuza ambiri kuti alowe m'mundawu.

Nthawi yomweyo kunabadwa ganizo lina lotchedwa lazy evaluation, lakuti makina asawerenge chinthu mpaka yankho lake litafunikadi. Mapepala awiri a mu 1976, lina la Peter Henderson ndi James Morris, lina la Daniel Friedman ndi David Wise, analifotokoza, ndipo David Turner analiika m'zilankhulo zake, SASL kenako Miranda ya mu 1985. Ubwino wake ndi wodabwitsa. Munthu angalembe mndandanda wa manambala onse kuyambira 1 mpaka kosatha, n'kupempha asanu oyambirira, makina n'kuwerenga asanu okhawo. Wopanga zinthu ndi wozigwiritsa ntchito amalembedwa padera popanda kutaya nthawi.

Pofika 1987 zilankhulo zamtunduwu zinali zoposa khumi, chilichonse ndi kagulu kake. Mu September chaka chimenecho, pa msonkhano wa ku Portland, Oregon, ofufuza anagwirizana zokhazikitsa komiti yopanga chilankhulo chimodzi chomasuka kwa onse, popeza Miranda inali yamalonda. M'komitiyo munali Paul Hudak, John Hughes, Simon Peyton Jones, Philip Wadler ndi ena. Anachitcha Haskell pokumbukira katswiri wa logic Haskell Curry, ndipo lipoti loyamba linatuluka mu 1990.

Haskell inakumana maso ndi maso ndi funso lovuta kuposa onse. Pulogalamu imene siiwerenga kalikonse kuchokera kunja ndiponso siilemba kalikonse pa sikirini ilibe ntchito. Koma function yowerenga zimene munthu wataipa imabweza yankho losiyana nthawi iliyonse, ndiye si function ya masamu. Lisp ndi ML zinangolola kuti lamulo liziswedwa pofunika, ndipo zinatha kutero chifukwa zimawerenga zinthu motsatizana bwino. Haskell sikanatha, chifukwa m'chilankhulo cha lazy palibe amene akudziwa kuti mzere uti uwerengedwa liti. Funso likhoza kuoneka pa sikirini munthu atayankha kale. Poyamba komiti inaona pulogalamu ngati function yotulutsa mndandanda wa zopempha n'kulandira mndandanda wa mayankho, koma njirayi inali yokhota, ndipo kusuzumira yankho msanga pang'ono kunkaimitsa pulogalamu yonse.

Chithandizo chinachokera ku masamu akuya. Mu 1989 Eugenio Moggi anasonyeza kuti chinthu chotchedwa monad, cha m'nthambi ya category theory, chingafotokoze mawerengedwe okhala ndi zotsatira zapadera. Wadler anaona kuti chingagwiritsidwe ntchito polemba mapulogalamu enieni, ndipo mu 1993 iye ndi Peyton Jones anafalitsa njira yochitira zolowa ndi zotuluka. Mfundo yake ndi kusiyanitsa kufotokoza ntchito ndi kuichita. Kapepala kolembapo kaphikidwe ka nsima si nsima, ndipo kukawerenga kawiri sikuyatsa moto. Momwemonso function ya Haskell imabweza kapepala konena kuti werenga mzere, kenako uchite chakuti ndi zimene wawerengazo, ndipo timapepala timalumikizidwa mpaka kupanga pepala limodzi lalikulu lotchedwa main, limene makina amalichita. Mtundu wa function umaonetsa poyera ngati imakhudza zakunja kapena ayi. Njirayi inalowa m'malamulo a Haskell 1.3 mu 1996. N'zomvetsa chisoni kuti dzina lakuti monad laopseza ophunzira ambiri kuposa mmene ganizo lenilenilo liyenera kuopsezera.

Kunatsala dandaulo lakuti kusasintha zinthu kumawononga nthawi ndi kukopera. Zoona zake n'zakuti chinthu chosasinthika chimatha kugawanidwa mopanda mantha: powonjezera nambala kumutu kwa mndandanda wa zinthu 1,000, kamapangidwa kachigawo kamodzi kokha koloza ku mndandanda wakalewo. Buku la Chris Okasaki la mu 1998, Purely Functional Data Structures, linasonkhanitsa njira zotere n'kuziwonjezera, ndipo zilankhulo monga Clojure ya mu 2007 zinamangidwa pa maganizo amenewa.

Kunja kwa mayunivesite, umboni wamphamvu unachokera ku Sweden. Mu 1986 Joe Armstrong, Robert Virding ndi Mike Williams a kampani ya Ericsson anayamba Erlang kaamba ka makina olumikiza matelefoni, amene safunika kuzima ngakhale pokonzedwa. Mu Erlang ntchito imagawidwa ku tizigawo tambirimbiri tosagawana memory, tongotumizirana mauthenga, ndipo kamodzi kakafa kena kamakadzutsa. Chilankhulochi chinaperekedwa kwaulere mu 1998, ndipo ma seva a WhatsApp analembedwa mu Erlang, moti uthenga wochoka ku Mzuzu kupita kwa m'bale wa ku Johannesburg umadutsa m'mapulogalamu amtundu umenewu. OCaml, yochokera ku bungwe la INRIA ku France mu 1996, inapititsa banja la ML m'makampani a zachuma.

Makompyuta atayamba kukhala ndi ma core ambiri ogwira ntchito nthawi imodzi, zinthu zosasinthika zinasanduka chitetezo, chifukwa ma core awiri sangalimbirane chinthu chimene palibe angachisinthe. Zilankhulo zakale zinayamba kubwereka: C++ inalandira lambda mu 2011, Java mu 2014, ndipo kumapeto kwa 2020 Microsoft inalengeza function ya LAMBDA mu Excel. Funso limene silinayankhidwebe mokhutiritsa ndi la memory m'zilankhulo za lazy. Pulogalamu ya Haskell yophatikiza manambala miliyoni ikhoza kuunjika malonjezo miliyoni a masamu osachitidwa m'malo mwa nambala imodzi, vuto lotchedwa space leak, ndipo wolemba amayenera kudziwa pamene angauze makina kuti awerengeretu, mwachitsanzo posankha function ya foldl' m'malo mwa foldl. Zilankhulo zambiri zotsatira, monga F#, Elm ndi Idris, zinatenga mitundu ndi ma function a m'banjali koma zinasankha kuwerenga zinthu nthawi yomweyo.