Nyali ya bambo yayakanso

Abale anga a kuno kumudzi ndi inu a m'tauni, amene munaona kuwala pakhonde panga Loweruka usiku musati ndakoka magetsi ayi. Ndi nyali ija ya malemu bambo, yopopa ija, ya Tilley. Yayakanso patatha zaka zoposa 20 ili m'nyumba yakale.

Inatsala pang'ono kupita. Mphwanga wina anali ataiponya kale pamulu wa makasu akutha ndi mapoto obooka, kudikira anyamata ogula zitsulo pasikelo aja. Sindikumunena mwanayo, iye wabadwa nthawi ya matochi. Koma ndati ndilembe kuti ana adziwe chimene amafuna kugulitsa pa kilo.

Bambo anabwera nayo kuchokera ku Joni pa ulendo wawo womaliza wa Wenela. Akuluakulu mukukumbuka kuti mu 1974 ndege yonyamula anthu athu ochokera kumigodi inagwa ku Francistown, Kamuzu n'kuletsa Wenela. Bambo sanapitenso. Bulangete, wailesi, jekete, zonse anabwera nazo zinatha kalekale. Yatsala ndi nyaliyi basi.

Masiku amenewo ukaona nyali unkadziwiratu thumba la mwini nyumba. Ife wamba tinkayatsa koloboyi, kachitini ndi kasanza, m'mawa kudzuka mphuno zili bii ndi utsi. Opezako bwino anali ndi nyali ya galasi. Yopopa inali ya eni sitolo, aphunzitsi aakulu ndi kumishoni. Moti ya bamboyi inkayenda mudzi wonse, pamaliro, pachinkhoswe, ngakhale posoka fodya usiku. Wobwereka ankabwera ndi palafini wake, koma woyatsa anali bambo okha.

Mdzukulu wanga wandiwerengera pafoni kuti Tilley ndi dzina la banja la ku England. Fakitale yawo inali ku Hendon, mu London, kenako inasamukira ku Belfast. Ajeremani nawo anali ndi yawo, Petromax, ya mu 1910. Kansalu kamene kamawala kaja, amati mantle, anakatulukira ndi munthu wa ku Austria, Carl Auer von Welsbach, mu 1885. Ndiye kuti kansaluko n'kakakulu kuposa nyali zonsezi.

Achinyamata mumvetse, nyali imeneyi ilibe chingwe ngati koloboyi. Umapopera mpweya m'thanki, mpweyawo umakankha palafini kukwera kampope. Kampopeko kakatentha palafini amasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ndi imene imayaka m'kansalu mpaka kuyera kuti mbee. N'chifukwa chake umayamba watenthetsa ndi sipiliti, n'kudikira. Ukapupuluma kutsegula, palafini amatuluka wamadzi, moto lawilawi kulunjika kudenga. Ine ndinayesapo mobisa ndili Sitandade 6. Nsidze zinapserera, ndipo zimene bambo anandichita usiku umenewo tisazikambe pano.

Kuikonza kwanditengera masabata atatu. Thanki ndi ya mkuwa, sinachite dzimbiri, ndinangoikwecha ndi phulusa ndi ndimu. Kachikopa ka pampu kanali kataumiratu, ndiye ndinadula lilime la nsapato yakale, n'kuliviika m'mafuta usiku wonse. Kampope kanatsekeka ndi mwaye. Chimene chinandizunza ndi kansalu kaja. M'masitolo a paboma anyamata ankangondiyang'ana, osadziwa chimene ndikunena. Ndinakakapeza kunyanja, ku Senga Bay. Kumeneko nyalizi zinakhalitsa chifukwa asodzi a usipa ankaziika pabwato usiku, usipa n'kumatsata kuwala mpaka kulowa m'chilimira. Koma nawonso ambiri anasamukira ku mababu a batire, poti palafini anakwera mtengo ndipo sapezeka wamba. Mkulu wina anali atasungako tiwiri m'chikwama, anandigulitsa kamodzi.

Kansaluko kakapsa koyamba kamasanduka phulusa loima lokha. Ukangokakhudza ndi chala, katha. Ndiye ana a pakhomo pano ndawauza kale, kuona ndi maso basi.

Itayaka Loweruka lija inayamba kulira kuti shiii, monga kale. Azakhali, amene maso anafooka tsopano, anatuluka ndi ndodo yawo chifukwa cha kulirako. Anakhala pamkeka mpaka palafini kutha, akutchula maliro ndi maukwati amene nyaliyi inaunikira, ena ine sindinkawadziwa n'komwe.

Vuto latsala ndi galasi, lili ndi mng'alu kuyambira pamwamba mpaka pakati. Inu a ku Lilongwe ndi Blantyre, mukamayenda m'misika mundiyang'anireko. Ndipo amene muli ndi nyali yotere kapena pulayimasi yakale m'nyumba, musanapatse a sikelo aja, bwerani nayo ndiione kaye.