Pangano la PMS la madokotala a mabanja ku England

Ku England, madokotala a mabanja, amene amachedwa ma GP, nthawi zambili salembedwa nchito ndi boma. Amayendetsa okha makiliniki awo, ndipo amalipilidwa mwa pangano ndi NHS, bungwe la boma loona za umoyo. Pangano la GMS ndi limodzi m'dziko lonse, ndipo British Medical Association ndiyo imakambilana mfundo zake m'malo mwa madokotala. La PMS, limene linayamba mu 1998, amakambilana m'dela lililonse, kuti kiliniki ilandile ndalama molingana ndi mavuto a anthu akumaloko, monga osowa pokhala.

M'kupita kwa zaka, makiliniki ambili a PMS anali kulandila ndalama zoculuka pa wodwala mmodzi kuposa a GMS, ngakhale pamene nchito inali yofanana. NHS England inapeza kuti ndalama zapamwambazi zinafika mapaundi 325 miliyoni pacaka. Mu 2014 inalamula kuti mapangano onse a PMS aunikidwenso pofika March 2016. Ndalama zimene nchito yake sinadziwike bwino zinacotsedwa pang'onopang'ono, kwa zaka zosacepela 4, n'kugawidwanso ku makiliniki a m'dela lomwelo.

Papepala zinaoneka zacilungamo. Koma kiliniki imene inalemba nesi ndi ndalamazo inafunika kufuna kwina malipilo ake, apo ayi kucepetsa cithandizo. Makiliniki ena anacoka mu PMS n'kulowa mu GMS, pakuti lamulo limalola.

Kwa abale athu okhala kumeneko, kulembetsa ndi kuonana ndi GP n'kwaulele, kaya kiliniki ili pa pangano liti.