Njira zodandaulira chipukuta misozi pa vuto la katemera

Maboma a Chikwawa ndi Nsanje akhala akulandira akatemera osiyanasiyana. M'chaka cha 2015 anthu a ku Nsanje analandira katemera wakumwa wa kolera madzi osefukira atavuta m'chigwa cha Shire, ndipo mu 2019 maboma awiriwa anali m'gulu la maboma 11 omwe anayamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana.

Mavuto aakulu obwera kaamba ka katemera ndi osowa, komabe malamulo amapereka mwayi wodandaula kwa yemwe akukhulupirira kuti wavulala.

Njira yoyamba ndi yakukhoti. Wodandaula ayenera kupereka umboni woti katemerayo ndiye anadzetsa vutolo, komanso kuti wopanga kapena wobaya sanasamale pa ntchito yake. Ngati akusumira boma, lamulo limafuna kuti ayambe walembera mlangizi wamkulu wa boma pa za malamulo, Attorney General, ndi kudikira miyezi itatu. Milandu ya kuvulala kaamba ka kusasamala imayenera kukafika kukhoti pasanathe zaka zitatu. Osowa ndalama zolipira loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau.

Njira yachiwiri inadza ndi mliri wa Covid-19. Mu February 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linagwirizana ndi kampani ya inshuwalansi ya Chubb zoti anthu a m'mayiko 92 osauka, kuphatikizapo Malawi, azilandira chipukuta misozi popanda kupita kukhoti. Ndondomekoyi inali ya olumala kotheratu kapena abale a omwalira kaamba ka katemera wodzera ku COVAX, ndipo wolandira ndalamazo amavomera kusasumiranso wina aliyense pa nkhaniyo. Katemera woyamba wa COVAX, wokwana 360,000, anafika m'dziko muno mu March 2021, ndipo COVAX inatseka ntchito zake kumapeto kwa 2023. Katemera wa kolera ndi wa malungo sanali m'ndondomekoyi.

Pa njira zonse ziwiri, dandaulo limaima pa zolembedwa. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo ndi anamwino ayenera kulemba tsiku, dzina ndi nambala ya katemera m'buku la kuchipatala, ndi kutumiza msanga lipoti la vuto lililonse ku ofesi ya zaumoyo ya boma lawo. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndilo limalondoloza chitetezo cha mankhwala ndi katemera m'dziko muno.