Mbiri ya Pulasitiki ndi Vuto la Zinyalala

Masiku amakedzana pafupifupi chilichonse chotayidwa kudzala chinkawola. Dengu likathetheka, chipanda chikasweka, kapena mphasa ikatha, chiswe ndi mvula zinkamaliza ntchito yotsalayo, ndipo pakutha pa zaka zowerengeka dzala lija linkasanduka malo a chonde pomera maungu. Zinthu zinasintha pamene anthu anaphunzira kupanga pulasitiki.

Chiyambi cha pulasitiki chikukhudzana ndi njovu. M'zaka za m'ma 1800 minyanga inkafunika kwambiri ku Ulaya ndi ku America popangira zipeso, zigwiriro za mipeni ndi mipira ya masewero a biliyadi. Ina mwa minyangayo inkachokera kuno, kudzera m'madooko monga la Nkhotakota. Minyanga itayamba kukwera mtengo, akatswiri anafunafuna cholowa m'malo mwake. Mu 1862 Alexander Parkes wa ku Birmingham anaonetsa ku London chinthu chimene anachitcha Parkesine, ndipo cha m'ma 1870 John Wesley Hyatt wa ku America anakonza celluloid. Zonse ziwirizi zinkapangidwa kuchokera ku ulusi wa zomera. Pulasitiki woyamba wopangidwa ndi mankhwala okhaokha anali Bakelite, amene Leo Baekeland anatulukira mu 1907. Kenaka mu 1933, ku England, Eric Fawcett ndi Reginald Gibson a kampani ya ICI anapeza mwangozi polyethylene, amene majumbo amapangidwira. Jumbo lenilenilo, la zogwirira ziwiri, analikonza ndi Sten Gustaf Thulin wa ku Sweden, ndipo linalembetsedwa mwalamulo mu 1965.

Anthu anamulandira pulasitiki ndi manja awiri chifukwa ndi wopepuka, wotsika mtengo, sachita dzimbiri ndiponso salowa madzi. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kulimba komweko ndiko kunabala vuto. Pulasitiki wambiri amachokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo tizigawo take n'tolumikizana ngati unyolo wautali kwambiri umene tizilombo toola zinthu timalephera kuudula. Dzuwa limangomuphwanya kukhala tizidutswa tating'onoting'ono timene timatsalira m'nthaka ndi m'madzi. Kumutentha nakonso si mankhwala, pakuti utsi wake, makamaka wa mtundu wa PVC, umakhala ndi poizoni.

Pofuna kuchepetsa zinyalalazi kunabwera nzeru yosungunula pulasitiki wakale n'kuumbanso zinthu zina. Mu 1988 opanga mapulasitiki ku America anayamba kudinda manambala 1 mpaka 7 pa katundu wawo kuti osankhula azisiyanitsa mitundu. Nambala 1 ndi ya mabotolo a zakumwa, pamene 2 ndi ya pulasitiki wolimba wa zigubu. Komabe ntchitoyi inakumana ndi zokhoma. Mitundu yosiyana siigwirizana ikasungunulidwa pamodzi. Ina, monga Bakelite, siisungunuka n'komwe. Ndipo pulasitiki akasungunulidwa kangapo unyolo uja umafupika, mphamvu n'kuchepa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 anasonyeza kuti pofika 2015 dziko lapansi linali litataya matani 6,300 miliyoni a pulasitiki. Mwa magawo 100 alionse, 9 okha ndiwo anakonzedwanso, 12 anatenthedwa, ndipo 79 anaunjikidwa kumtaya kapena kumwazikana m'chilengedwe. Maiko olemera ankatumiza zambiri mwa zinyalala zawo ku China, mpaka dzikolo linatseka khomo mu 2018.

Ataona kuti kukonzanso pakokha sikukwanira, maboma ena anatembenukira ku malamulo. Bangladesh inaletsa majumbo opyapyala mu 2002 zitadziwika kuti ankatseka ngalande ndi kukulitsa kusefukira kwa madzi. Rwanda inatsatira mu 2008, ndipo Kenya mu 2017. Boma la Malaŵi linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 60 mu 2015, koma makampani opanga majumbo anakamang'ala kukhoti. Khoti lalikulu la apilo linagamula mokomera chiletsocho mu 2019, ngakhale kuti milandu ina inapitirira pambuyo pake. Mmodzi mwa amene anamenyera nkhondo lamuloli, mayi Gloria Majiga-Kamoto, anakhudzidwa ndi imfa za mbuzi za alimi zimene zinkadya majumbo, ndipo mu 2021 analandira mphoto ya Goldman.

Mbiriyi ikuphunzitsa kuti chinthu chisanalandiridwe, ndi bwino kufunsa kumene chidzathere ntchito yake ikatha. Jumbo limanyamula tomato kwa mphindi zochepa chabe kuchokera kumsika, koma m'munda limakhalamo zaka zambirimbiri. N'chifukwa chake kutenga dengu popita kumsika, kupatula zowola kuti zikhale manyowa, ndi kusonkhanitsa mabotolo kuti akakonzedwenso ndi udindo wa banja lililonse.