AKAZI OTSALA: MPINGO NDI AMAI A M'DZIKO LA PETAUKE NDI NYIMBA

Aphunzitsi ambiri a cigawo cathu, akafunsidwa mbiri ya Misyoni, achula maina a malo ndi zaka zace monga mwana achula mitsinje pa mapu: Magwero 1899, Madzimoyo 1903, Nyanje 1905, Hofmeyr 1914, pambuyo pace Merwe, ndi Minga wa Akatolika mu 1923. Mndandanda umenewu ngwoona, koma ukumbutsa abusa okha amene anaumba njerwa ndi kumanga nyumba, osanena kanthu za anthu amene abusawo anawapeza m'midzi. Ndipo amene anawapeza, makamaka kuno kwa Ansenga, ambiri anali akazi, pakuti amuna anali pa ulendo. Tifuna tsono kulondola m'mene Mpingo unacitira ndi akazi otsalawa, pamene unawathangata ndi pamene unawalemetsa katundu.

Tiyambe ndi kukumbukira makhalidwe a mkazi wa Cinsenga asanafike Azungu. Iye sanali kapolo wa mwamuna wace monga alendo ena anaganizira. Mwamuna ndiye anali kudza kwao kwa mkazi, namanga nyumba, nalimira apongozi ace. Ana anali a mtundu wa mai wao, ndipo mlongo wace wa mkaziyo, ndiye malume wa anawo, anali mwini mbumba ndi woimirira mirandu yao. Mwamuna akacita nkhanza ankhoswe anali pafupi. Nkhani ikakanika, iye ndiye anali kutola nkhwangwa yace nacoka, mkazi natsala m'nyumba mwace pamodzi ndi ana ndi nkhokwe. Ngakhale mipando ina ya ufumu, monga wa Mwape m'dziko la Nyimba ndi wa Nyanje, yakhala ndi mafumu aakazi. Sitinena kuti masiku amenewo anali okoma. Acikunda ocokera ku Zambezi ndi Angoni a Mpezeni, pothira nkhondo, anali kugwira akazi ndi ana koposa onse. Mtsikana anali kuperekedwa kulipira mlandu umene sanaupalamula. Wamasiye anali kulowedwa cokolo, ngakhale mtima wace usafune. Koma mkaziyo anali nalo linga, ndipo lingalo linali abale ace aamuna okhala naye m'mudzi umodzi.

Cimene cinagumula linga limeneli koposa nkhondo ndico msonkho. M'zaka zoyamba za m'ma 1900 Boma la British South Africa Company linaika msonkho wa masheleni 3 pa nyumba, wolipira ndi ndarama, osati ndi mapira kapena nkhuku. Nanga ndarama zikanacokera kuti? Mgodi wa golidi wa ku Sasare ndi minda ya fodya ya ku Fort Jameson sizinathe kulemba onse. Cifukwa cace amuna anayamba kutsika pansi kunka ku Feira, pamene lero pachedwa Luangwa, naoloka Zambezi kukafuna nchito ku Halale; ndipo itatseguka migodi ya mkuwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, enanso analunjika kumeneko. Ena anabwera ndi nsaru ndi njinga. Ena sanabwere konse, nachedwa machona. Apa pali cinthu cimene tisacipitirire msanga. Sanacoke mwamuna wa nyumba yekha ai, anacokanso mlongo wace wa mkaziyo, mwini mbumba uja. Mkazi anataya pa nthawi imodzi womlimira ndi womuimirira pa bwalo. Kugwetsa mitengo ya munda watsopano, kumanga nkhokwe, kufolera denga, kupitikitsa nguluwe ndi njobvu usiku, zonsezi zinali nchito za amuna; tsopano mkazi anayenera kufulula mowa kuti aitane anthu adzamthandize, ndipo wopanda mapira a mowa anangolima pa tsala lakale lomwelo kufikira nthaka itatha mphamvu.

Bvuto la nthaka linakula cifukwa ca kampani ya North Charterland, imene inapatsidwa dziko lalikuru la cigawo cino. Mu 1928 Boma linapatula malo ocepa a anthu akuda, ndipo midzi yambiri inakankhidwira m'menemo, mothinana, pamene dziko lolandidwalo linasanduka chire la nyama ndi kashembe. Boma linagulanso dzikolo mu 1941, koma zaka zapakatizo zinali za njala ndi za minda yoguga. Mkazi akati atsate mwamuna wace ku tauni, anapeza njira yotseka, pakuti m'zaka za m'ma 1930 mafumu ndi Boma anapangana kuletsa akazi kuyenda opanda kalata wa cilolezo.

Yankho loyamba la Misyoni ya Dutch Reformed linali nyumba ya atsikana. Mwambo umenewu unayambira ku Mvera, ku Nyasaland, zisanathe zaka za m'ma 1890, ndipo unafika ndi amisyoni ku malo ao akuru a kuno. M'nyumbamo adona anasunga atsikana, ena amasiye, ena othawa ukwati wokakamizidwa, ena operekedwa ndi makolo acikristu. Anawaphunzitsa kuwerenga Cinyanja, kusoka, kupanga sopo, kulera makanda mwaukhondo ndi kulima dimba. Kwa mtsikana amene analibe kothawira, khomo limenelo linali moyo, ndipo ena a inu owerenga muli adzukulu a amai amene anadzera pamenepo. Komabe tisakuze nkhaniyi koposa msinkhu wace. Nyumba yotere inalandira atsikana owerengeka m'dziko la midzi mazanamazana, ndipo colinga cace cacikuru cinali kukonza akazi oyenera kukwatiwa ndi aphunzitsi ndi alaliki. Mai wa ana anai, wosiyidwa ndi mchona m'mudzi wa kutali ndi Nyanje, sanapindule nayo kanthu.

Ndipo pali mbali ina imene sitiikonda kuichula pa misonkhano yathu. Malamulo ena a Eklesia anagwera akazi molemera koposa amuna. Wamitala, pofuna ubatizo, anayenera kusunga mkazi woyamba yekha ndi kuleka enawo. Kwa Ansenga, kumene mkazi anali kwao, wolekedwayo anatsala ndi ana ndi munda, ngakhale wopanda womgwetsera mitengo. Koma kwa Angoni, kumene ng'ombe za malowolo zinapereka ana kwa atate, iye anakhoza kutaya zonse. Mkazi wacikristu wa mchona nayenso anamangidwa ndi cikwati cace. Mnzace wakunja, ataona kuti mwamuna wakhalitsa, anapita kwa ankhoswe namasulidwa. Koma iye anayenera kulindira zaka, ndipo akalephera kupirira natenga mwamuna wina, dzina lace ndilo linali kuwerengedwa pamaso pa anthu kuti waletsedwa Mgonero, pamene mwamuna uja anali kukhala ndi mkazi wina ku Halale popanda womfunsa. Onjezani apo ciphunzitso cakuti atate ndiye mwini nyumba ndi mwini ana. Cinathandiza amuna ena kusamala ana ao, indedi. Komanso cinacepetsa mphamvu ya malume, osaika wina m'malo mwace wocinjiriza mkazi pa tsiku la nkhanza.

Thandizo limene linafikadi m'midzi linabadwa pa mkangano wa cinamwali. Amisyoni poyamba analetsa cinamwali conse, poona zina za m'menemo zosayenera. Koma amai acikristu sanabvomere kuti ana ao alowe m'banja osalangizidwa, pakuti mtsikana wotero anali kusekedwa ngati mwana, ndipo ambiri anali kuwatumiza mobisa kwa anamkungwi. Potsiriza Mpingo unagonja, nukhazika cilangizo cacikristu, nusankha amai okhwima a mbiri yabwino kuti akhale alangizi. Taonani cimene cinacitika pamenepa. M'Eklesia m'mene mkazi sanali kuloledwa kukhala mkuru wa mpingo kapena kulalikira, munaoneka udindo woyamba wa akazi, wodziwika ndi abusa, wokhala ndi mau pa ukwati, pa mimba yoyamba ndi pa ndeu za m'nyumba. Amisyoni anayesa kuti akutseka khomo la mwambo wakale, koma anatsegulira anamkungwi khomo lolowera m'chalichi.

Pa maziko amenewa panamangidwa Cigwirizano ca Amai, cimene ku Nkhoma cinakhazikika mu 1940, ndipo mipingo ya kuno, pokhala ya mtundu umodzi ndi cinenero cimodzi, inakhala naco cace. Akatolika a ku Minga ndi a mipingo yina anakhalanso ndi mabungwe ao a amai. Nchito yace, poiona ndi maso, njaing'ono: kusonkhana tsiku limodzi pa sabata, kupemphera, kuzonda odwala, kutunga madzi ndi kuphika pa maliro, kupalira munda wa nkhalamba, kusonkha timakobiri togulira wamasiye mcere ndi sopo. Koma lingalirani bwino, ndipo mudzaona kuti zambiri mwa izi ndizo nchito zimene mbumba inali kucitirana kale, amuna asanamwazike. Cigwirizano cinakhala mbumba yatsopano, yosayang'ana mtundu, yakuti mkazi akasamukira ku Petauke pa Boma, ku Lusaka kapena ku Migodi, anaipeza ikumlindira. M'menemonso amai ambiri amene sanapondeko m'sukulu anaphunzira kuwerenga kuti atsegule Buku Lopatulika okha. Ndipo wodziwa kuwerenga Buku anadziwanso kuwerenga kalata wa mwamuna wace, ndi kuzindikira ngati ndarama zolembedwamo ndizo zimene wamtengatenga wapereka. Aphunzitsi akale, amene anali kuwerengera mudzi wonse akalata, anadziwa bwino kuti si onse otumidwa anali okhulupirika.

Tinene poyera kuti alangizi sanakhale nthawi zonse kumbali ya wozunzidwa. Mwambo umene anaubwereza koposa unali wakuti banja ndi kupirira, ndi kuti za m'nyumba siziululidwa. Mau amenewa anasunga mabanja ambiri amene akanapasuka pa zinthu zacabe, komanso anabwezera akazi otupa nkhope kwa amuna owamenya. Mkazi wa Cinsenga wa masiku a makolo anali ndi njira yoturukira yofupika koposa mdzukulu wace wacikristu. Ngakhale Eklesia utalandira Umwini mu 1966, nuchedwa Reformed Church in Zambia mu 1968, mirandu ya mabanja inaweruzidwabe zaka zambiri ndi bwalo la akuru aamuna okhaokha.

Mayeso akuru anafika m'zaka za m'ma 1980. Nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu ambiri tsidya lino, ndipo mu 1987 Boma linatsegula malo a othawa nkhondo ku Ukwimi, kumpoto kwa Petauke, kumene a Lutheran World Federation anagwira nchito yaikuru. Kumeneko kunakhala anthu oposa 20,000, ambiri a iwo akazi ndi ana. Nzeru ya ku Ukwimi inali kupatsa banja munda, mbeu ndi khasu, kuti cakudya cogawidwa cikhale ca kanthawi. Ndipo amai amene anafika manja ali zi anakolola cimanga ndi nsawa zao kufikira anabwerera kwao mu 1994, utapanganidwa mtendere wa 1992. Pa nthawi yomweyo matenda a Edzi analowa m'midzi ya m'mbali mwa mseu waukuru wa kum'mawa. Zipatala za Nyanje ndi Minga zinadzala, ndipo odwala ambiri anabwezedwa kukagona kwao. Amene anawasambitsa ndi kuwaphikira phala m'zaka zonsezo, kufikira Boma linayamba kupereka mankhwala a ARV mwaulere mu 2005, anali makamaka amai a mabungwe a mipingo. Iwo omwenso, poona manda akucuruka, anathandiza abusa ndi mafumu kutsutsa cokolo ndi miyambo yoyeretsa wamasiye mwa kugona naye.

Imfa zimenezi zinaonetsa poyera bala lina, ndilo kulanda cuma ca amasiye. Mwa mwambo wathu katundu wa mwamuna anali kupita kwa abale a kwa mai wace, ndipo panalibe coipa pamene katunduyo anali nkhwangwa, uta ndi cikopa, mkazi ali m'nyumba yace pa mudzi wa kwao. Koma mphunzitsi kapena kalaliki amene anatenga mkazi wace kunka naye kutali, nagula naye pamodzi makina osokera, mipando ndi malata, akamwalira, abale anadza kudzasesa zonse, ngakhale mabulangete a ana. Mu 1989 Boma linaika lamulo la cuma ca munthu womwalira wosalemba kalata wa masiye. Pa magawo 100 a cumaco, 50 ndi a ana, 20 a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 a makolo a womwalirayo, ndi 10 a ena amene iye anali kuwasunga. Ndipo wamasiye akhala m'nyumba kufikira atakwatiwanso kapena atamwalira. Akazi akakhala awiri kapena atatu agawana magawo 20 omwewo. Anatsatapo malamulo ena: mu 1997 mtsikana wotenga mimba analoledwa kubwerera ku sukulu atabala, cinthu cimene masukulu ena a mipingo anacedwa kucilandira, mu 2011 linadza lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, ndipo mu 2023 ukwati wa mwana wosafika zaka 18 unaletsedwa, ngakhale ukhale wa mwambo.

Koma lamulo la 1989 liri ndi malire amene mphunzitsi wa kumudzi ayenera kuwadziwa asanalangize wamasiye. Silikhudza nthaka ya mwambo, ndiyo imene iri m'manja mwa mafumu, ndipo minda yambiri ya kwa Kalindawalo, kwa Nyamphande, kwa Ndake ndi kwa Luembe ndi yotero. Wamasiye amene anakwatiwa kwao kwa mwamuna akhoza kupambana mlandu wa njinga ndi malata pa khoti, nalandidwa munda umene anaulima zaka 20. Mlandu wa munda uweruzidwa pa bwalo la nyakwawa, pansi pa mtengo, ndipo pamenepo afunsa poyamba kuti mkaziyo wadza ndi yani womuimirira. Alongo ace akakhala ku Lusaka, amene akhala naye pa mphasa tsiku limenelo kawirikawiri ndi mlangizi wa mpingo wace ndi amai awiri kapena atatu a Cigwirizano.